Nkhuni za Uvuni wa Nachisale

Inu amene mumadutsa msewu wafumbi wochoka ku Madisi kulowera kumadzulo, nyumba imene ndikunenayi munaionapo. Ili kudzanja lamanja mukangowoloka kamlatho kachiwiri, ya njerwa zofiira psuu, malata owala, ndi chitseko chobiriwira chimene sichikhomedwa loko usana ndi usiku. Mbala za kuno, zimene zimaba ndi chingwe choyanikira zovala chomwe, sizinatengemo ngakhale supuni. Musandifunse ngati zonse ndinaziona ndi maso anga. Zina ndinaona, zina anandiuza mwini wake akulira, ndipo munthu wamkulu ngati uja salirira bodza.

Mwini wakeyo ndi Nachisale, mkazi wa aphunzitsi a Kalumbu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi banja limeneli linkakhala m'nyumba za sukulu. Kusamutsidwa kuno, kusamutsidwa uko, ana atatu kubadwira m'nyumba zitatu zosiyana, zonse za eni ake. A Kalumbu anali ndi kope lachikuto chofiira limene anajambulamo pulani ya nyumba yawo: zipinda zinayi, pabalaza, ndi khonde lalikulu loyang'ana kum'mawa. Puloti anagula pafupi ndi kwawo, tsidya lino la dambo. Madzulo ena ankatulutsa kope lija n'kumaloza ndi pensulo.

"Apa ndiye pampando wanga, Nachisale. Iwe uzidzasokera apa, pawindo."

Ndiye chaka chimene ankayenera kupuma ntchito, anagwa m'kalasi choko chili m'manja. Anadzuka mbali yakumanja yonse itafa, pakamwa patapotoka, ndi chifuwa chouma chimene sichinawasiyenso. Ankatsokomola kawiri motsatizana, kupuma pang'ono, kenako kamodzi. Nachisale ankachizindikira chifuwa chimenecho ngakhale ali kumjigo.

Akusukulu anawalezera mtima chaka chathunthu. Koma mu Ogasiti kalata inabwera, yonena kuti mphunzitsi watsopano akubwera ndi banja lake, nyumba ikhale yopanda munthu pofika kumapeto kwa Novembala. Nachisale atawawerengera, a Kalumbu anamugwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Ndigonemo... m'nyumba yanga. Ngakhale usiku umodzi."

"Mudzagonamo, abambo," anatero Nachisale. "Ndalonjeza."

Koma inu, kumanga masiku ano! Ndalama zopumira ntchito zinali zitachedwa kale miyezi khumi ndi inayi. Nachisale anayenda ulendo wa ku Lilongwe kasanu ndi kawiri, uku akuuzidwa kuti abwere mwezi wamawa. Pamene zinkatuluka, ndalama imene kale ikanagula matumba atatu a simenti inali ikugula limodzi. Mmisiri wake, a Zuze, anatenga kope lija nafufuta chipinda chimodzi. Patangopita milungu iwiri malata anakwera mtengo, a Zuze anafufutanso china. Atafika pa khonde, Nachisale anawagwira pensulo.

"Khonde lokhalo musalikhudze. Ndi pampando wa aphunzitsi pamenepo."

Za mabuloko a simenti kunali kulota chabe. Anaumbitsa njerwa zadothi zikwi khumi ndi ziwiri papuloti pomwepo. Zinauma, zinasanjidwa kukhala uvuni, uvuni unamatidwa. Chinatsala ndi nkhuni zowotchera.

Nkhuni, abale! Mukudziwa mmene mapiri athu ayerera. Fodya anadya mitengo, makala anamaliza yotsala. Mwini munda wa bulugamu mmodzi yekha amene anatsala m'derali anatchula mtengo woti ukanameza ndalama zonse za malata. Nachisale anadandaula, anapempha, anabwererako katatu, ndipo ulendo wachitatu anapeza mtengo uja utakweranso. Seputembala anali kutha. Chizimalupsa chikanangogwa pa njerwa zosawotchazo, zonse zikanabwerera kudothi kumene zinachoka.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, Nachisale atakhala pafupi ndi uvuni wake wozizira uja, pamsewu panaima munthu. Anali wamtali, chipewa atatsitsira kumaso, atavala jekete pa nyengo yotentha ngati imeneyo. Sanapereke moni ndipo sanakhale pansi.

"Mayi, ndamva mukufuna nkhuni."

"Ndikufuna. Koma za mtengo wanji?"

Munthu uja anatchula theka la mtengo wa bulugamu. Ngolo zinayi, nkhuni zolimba. "Koma tibweretsa kukada. Masana a zankhalango amavuta."

"Ndinu a kuti inu?"

"A konkuno."

Nachisale anali atakhala m'derali zaka zisanu ndi zinayi, koma nkhope imeneyo anali asanaionepo kumsika, kumpingo kapena pamaliro. Anavomera.

Ngolo zinafika anthu atagona. Panalibe wokuwira ng'ombe, panalibe woliza chikwapu. Amuna anayi ankatsitsa zipika osayankhulana, ndipo Nachisale atayatsa tochi ya pafoni, wamtali uja anangoti, "Zimitsani, mayi." Analandira ndalama zake osawerenga, ngolo zinatembenuka, ndipo mpaka lero palibe amene anamuonanso.

Kutacha Nachisale anaziona bwino nkhuni zija. Zinali zipika zoti munthu sangazikumbatire: muwanga, mkuyu, mtondo, mitengo imene ana a masiku ano amangoimva dzina. Pa mphanda ya chipika china panali kanthu koyera. Anawerama. Inali kapu yachitsulo yakalekale, yamlomo wabuluu, khungwa la mtengo litameza chogwirira chake. Pansi pake inali yobooledwa ndi msomali.

Kwathu kuno kapu imabooledwa dala pa chifukwa chimodzi chokha. Mwini wake akamwalira, amaiboola kuti wamoyo asamwerenso, n'kukaisiya pamanda pake. Ndipo m'dera lonseli malo amene anatsala ndi mitengo yaikulu chotero anali amodzi, kumanda a tsidya la dambo, kumene nkhwangwa silowa, kumene ngakhale nthambi youma ikagwa palibe woitola.

Anadziwa. Ndisakunamizeni kuti sanadziwe. Anaima pamenepo akuiyang'ana kapu ija. Kenako anakweza maso naona kamtambo kakuda kakutuluka kum'mawa. Anatola mwala, anaigogoda kapu ija mpaka inazuka, naikankhira mkati mwenimweni mwa khomo la uvuni ndi ndodo.

Wowotcha anali Kapalepale, munthu wa nthabwala amene anawotcha mauvuni ambiri kuno. Moto unagwira msanga, mwina msanga kwambiri kwa nkhuni zaziwisi. Koma utsi sunakwere kumwamba. Unkatuluka n'kugwera pansi, n'kumakwawa m'kanjira kolowera kudambo. Agalu a m'midzi yonse, amene amauwa ndi mwezi womwe, usiku umenewo anali zii.

Usiku wachiwiri Nachisale anabweretsa tiyi. Anapeza Kapalepale nthabwala zitamuthera, ataima chilili ndi fosholo m'manja, msana atalozetsa kumoto.

"Mayi, anthu awa ndi abale anu?"

"Anthu ati?"

"Akhala apowa."

Analoza ndi chibwano. Pamene kuwala kwa moto kunkathera, panali zinthu zakuda kuposa mdima womwewo, zazifupi, zandandanda. Zina zinali mbali iyi, zina mbali iyo, pakati patatsala mpata, monga mmene amayi ndi abambo amakhalira pasiwa.

"Ndi milu ya njerwa zosweka imeneyo," anatero Nachisale.

"Milu ya njerwa sisendera, mayi. Pamene tinkayatsa dzulo anali kumsewu uko. Ndawapatsa moni kawiri, sakuyankha."

Kapalepale anamaliza ntchito yake, chifukwa uvuni susiyidwa pakati. Koma tambala woyamba atangolira anamata makomo nachoka, fosholo yake kuisiya pomwepo. Mmawa Nachisale anapeza m'fumbi muli timaenje tosalala, ngati pamene pakhala anthu nthawi yaitali. Anasesa msangamsanga a Zuze asanafike.

Lamulungu lotsatira, mbiri inamveka kumpingo kuti mbala zadula mitengo yonse isanu ndi iwiri ya kumanda a tsidya la dambo. Amayi ankagwira pakamwa, abambo ankatemberera. Nachisale anagwira pakamwa limodzi ndi anzake. Kunyumba sanawauze a Kalumbu, ngakhale kuti kumanda kumeneko n'kumene kunagona mayi awo ndi amalume awo.

Ndipo njerwa zinatuluka zabwino, inu! Zofiira zonse, zopanda ndi imodzi yomwe yosapsa, ukaigogoda kulira kuti ngwee. A Zuze anati chiyambire umisiri wawo sanagwirepo njerwa zotero. Maziko anathiridwa, khoma linayamba kukwera, ndipo Nachisale anayamba kudziuza kuti zonse zija anali mantha chabe a usiku.

Zachilendo zinayamba khoma litafika pawindo, ndipo zinkachitika masana dzuwa lili paliwombo. Tsiku loyamba a Zuze ndi amuna awiri owathandiza anapita kukakhala mumthunzi wa khoma kuti adye mbatata. Mmodzi atangokhala anadzambatuka.

"Asa! Ndakhalira mwendo wa munthu!"

Anzake anaseka, poti panalibe kanthu. Koma iye anakadyera padzuwa.

Mawa lake ndowa ya madzi akumwa imene anaiika mumthunzi inapezeka yopanda dontho, yosabooka, pansi pali pouma. Mkuja wake mphasa imene Nachisale anaisiya atapinda pa mulu wa mchenga inapezeka yoyalidwa bwinobwino m'mbali mwa khoma. Mbuzi za m'mudzi, zimene zimalowa ndi pansi pa ngolo pofuna mthunzi, zinkaima padzuwa lowawa n'kumangoyang'ana khomalo. Ndipo nthawi zina, mpeni wa mmisiri ukaleka kugogoda, pankamveka kupuma kwa munthu amene wayenda mtunda wautali n'kutula katundu. Dzuwa likapendeka, zonse zinkatha.

Wothandiza mmodzi anasiya ntchito. Winayo anati mkazi wake wadwala, napita osabweranso. Ntchito inaima masiku asanu, ndipo m'masiku asanu amenewo misomali ndi matabwa zinakweranso mtengo. A Zuze anapeza anthu ena, khoma linafika pa lintala. Tsiku lina anatsika pa katawala pamene ankakwera pomanga, anapukuta manja, nafunsa Nachisale osamuyang'ana kumaso.

"Amayi, nkhuni zija munagula kwa ndani?"

"Kodi ndinakulembani ntchito yomanga kapena yofufuza milandu?" Nachisale anawakalipira. Usiku umenewo sanagone, manyazi ndi mantha zikumudya.

Kumayambiriro kwa Novembala kunagwa maliro tsidya la dambo, ndipo Nachisale, pokhala mtengwa wa mudzi umenewo, sakanajomba. Anayenda ndi amayi anzake akuimba. Atafika kumanda nyimbo inafa yokha. Paja pankakhala mdima wozizira ngakhale masana, tsopano panali mbee. Zitsa zisanu ndi ziwiri zinali njo, mitumbira yonse ili padzuwa, dothi lake litang'aluka. Nachisale anaona mtumbira wa apongozi ake pafupi ndi chitsa cha mkuyu. Panali mbale yachitsulo yamlomo wabuluu, yobooledwa pakati. Kapu yake panalibe. Anakhala pansi mwambo usanayambe.

Mmodzi yekha ndiye anamuyang'anitsitsa, a Maliseni, mkulu wa adzukulu okumba manda, msuweni wa a Kalumbu. Mawa lake masana anafika papuloti. Anavula chipewa asanafike pakhoma, anati "Zikomo, zikomo" kwa fumbi lopanda munthu, nayenda mokhotakhota ngati akulambalala miyendo ya anthu. Anaika chikhatho pa njerwa.

"Alamu," anatero, "sindinabwere kudzakuzengani mlandu. Mitengo ija sinali yokongoletsa. Anthu aja anagona pansi pake zaka ndi zaka. Lero dzuwa likuwawotcha, ndiye atsatira mitengo yawo kumene inapita. Ili m'njerwamu."

Nachisale anafuna kukana, koma misozi inatsogola.

"Pakali pano akungopeza mthunzi wa khoma, umene umayenda ndi dzuwa. Madzulo amabwerera kwawo. Koma mukangofolera, sadzabwereranso."

"Ndiye nditani, alamu?"

"Gumulani. Njerwazi tikawamangire chisakasa kumanda, tibzale mitengo ina. Inu muyambe nyumba ina."

"Ndiyambe ndi chiyani? Ndi malovu?" Nachisale anakuwa. "Kwatsala milungu itatu! Abale anu ndikawagoneke kuti, pansi pa mtengo? Mtengo wake uti, poti yonse inatha? Akufa aja anakhalapo m'nyumba zawo. Aphunzitsi sanagonepo m'nyumba yawo ngakhale tsiku limodzi!"

A Maliseni anavala chipewa chawo. "Ine ndanena, alamu. Nyumbayi ikafoleredwa, ikhala ndi eni ake."

A Zuze anamva zonsezi ali pa katawala. Anamaliza khoma monga anapanganirana, koma za denga anakana kwamtuwagalu. Ndalama za malata nazo zinali zitaperewera, poti anali atakweranso. Nachisale anagulitsa makina ake osokera, omwe aja ankayenera kukhala pawindo. Anapita ku Kasungu kukatenga akalipentala awiri osadziwa kanthu za kuno.

Anafolera masiku awiri. Lata lomaliza linakhomedwa masana a tsiku lachiwiri, ndipo msomali womaliza utangolowa, m'nyumba monse munamveka kupuma kumodzi kwakukulu, kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Kalipentala wina anadzidzimuka, hamala inamupulumuka n'kugwera mkati kudzera pampata wa pamwamba pa khoma. Sinamveke kugwa pansi. Atatsika kukaitenga anaipeza itaikidwa bwinobwino pawindo. Akalipentala aja sanadikire chakudya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti asamuke, Nachisale anapita kukasesa. Kunja kunkatentha koti nkhuku zinali yasa kukamwa, koma atangolowa thukuta linamuuma. M'nyumba munkanunkha dothi lonyowa. Munali mopanda kanthu, makoma okhaokha ndi simenti ya pansi, komabe munali mothina ngati m'nyumba ya siwa. Anayamba kusesa. Tsache linayenda pang'ono n'kuima, ngati lagunda phazi. Anayesa mbali ina, chimodzimodzi.

"Zikomo," ananong'ona, osadziwa kuti mawuwo achoka kuti.

Panamveka kukhwekhwereza kwa nsalu pa simenti, ndipo tsache linadutsa.

Anasesa nyumba yonse akunena zikomo pa phazi lililonse. Atatuluka anasanza kuseri kwa nyumba. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma mphunzitsi watsopano anali atafika kale, katundu wake ali m'kalasi, ndipo a Kalumbu anali atamufunsa katatu mmawa umenewo ngati khonde lili loyang'ana kum'mawa.

Anasamuka pa ngolo, a Kalumbu atakhala pampando wawo pakati pa katundu, kope lofiira lili pamiyendo. Anafika masana. Mwini ngolo anawatsitsira katundu pabwalo, nakana kulowa. Nachisale anawagwiriziza amuna ake mpaka pakhonde, nakankha chitseko chobiriwira chija.

A Kalumbu anaima pakhomo. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, pansi m'mbali mwa makoma. Kenako anakweza dzanja lawo lamoyo navula chipewa. Ndipo munthu amene chaka chonse ankavutika kutchula mawu atatu, anayankhula bwinobwino ngati ali m'kalasi.

"Amayi. Amalume. Kodi muli kuno?"

Anatchulanso mayina ena, ena amene Nachisale anali asanawamvepo, akuweramitsa mutu pa dzina lililonse. Atatha anatembenuka.

"Nachisale, nkhuni zowotchera njerwazi unazitenga kuti?"

Anagwada pakhonde pomwepo naulula zonse, za munthu wa jekete, za kapu, za a Maliseni. Ankayembekezera ukali. A Kalumbu anangomuika dzanja pamutu, msozi ukutsika mbali yamoyo ya nkhope yawo.

"Unachitira ine," anatero.

"Tiyeni tibwerere, abambo. Tikapemphe kwa a Maliseni, tikagone ngakhale m'khitchini mwawo. Muno musalowe, chonde!"

"Unalonjeza, mkazi wanga. Taona, amayi andisenderera kale malo."

Ndipo analowa.

Usiku umenewo Nachisale anayala matiresi pansi m'chipinda, poti panalibe womuthandiza kulowetsa bedi. Nyali anaiyatsa katatu, katatu konse inazima popanda mphepo. Anagona atawakumbatira amuna ake, maso ali tong'o mumdima. Kumbuyo kwake kunali kupuma. Kumiyendo kunali kupuma. Nthawi zina wina ankasuntha, nsalu n'kukhwekhwereza, wina n'kuusa moyo. Palibe chimene chinamukhudza, komabe sanayerekeze kutambasula mwendo.

Pakati pa usiku mvula yoyamba inagwa. Inayamba ndi madontho akuluakulu, tho, tho, kenako inakhuthuka pa malata atsopano aja mpaka m'nyumba monse munali phokoso lokhalokha. A Kalumbu anaseka chapansipansi.

"Ukumva, Nachisale? Malata athu amenewo. Sakudontha."

"Ndikumva, abambo."

Anatsokomola kawiri, anapuma, kenako kamodzi. Nachisale anadikira china. Anadikira mpaka mvula inakata, mpaka atambala analira, dzanja lili pachifuwa chimene chinali chitaleka kukwera ndi kutsika. Kunja kutayera anatsegula chitseko nayamba kulira maliro.

Anawaika kwawo, tsidya la dambo, pafupi ndi mayi awo, pambali pa chitsa cha mkuyu. Adzukulu anakumba padzuwa, anthu anaimirira padzuwa, mtumbira unaumbidwa padzuwa. Siwa anakhalira pabwalo, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene analola kulowa m'nyumba ija. Ana anabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Mzuzu, anamupempha mayi wawo kuti apite nawo, iye anakana. Mwambo wonse utatha, anthu anabalalika.

Tsiku limene anatsala yekha, Nachisale anakhala pabwalo pa mulu wa njerwa zotsala, dzuwa lili paliwombo. Ankaganiza za mtumbira watsopano uja, mmene dothi lake liyenera kuti linkatenthera nthawi imeneyo. Ndiye m'nyumba munamveka chifuwa. Kawiri motsatizana. Kupuma pang'ono. Kenako kamodzi.

Anathamanga, anakwera pakhonde. Mpando wa aphunzitsi, umene iye anausiya m'chipinda, unali pakhonde, utayang'ana kum'mawa. Unalira pang'ono ngati munthu akukhazikika bwino. Anakankha chitseko kuti alowe. Chinatseguka mpata wa chikhatho chimodzi n'kuima, mofewa, ngati chatsamira msana wa munthu. Anati zikomo. Anatinso zikomo. Ulendo uno panalibe amene anasendera, chifukwa malo amene anatsala aja anali atatengedwa.

Kuyambira tsiku limenelo Nachisale amagona m'kakhitchini kaudzu kuseri kwa nyumba yake. Mvula ikagwa kamadontha, iye n'kumamva malata ake akulira pafupi pomwepo. Mmawa uliwonse amasesa khonde, kupukuta mpando, ndi kusiya ndowa ya madzi pakhomo. Madzulo amaipeza yopanda kanthu.

Anapita yekha kwa a Maliseni kukapepesa, ndipo anagulitsa bedi kuti agule mbande. Anabzala mitengo isanu ndi iwiri, pa chitsa chilichonse umodzi. Chilimwe chonse amawoloka dambo ndi ndowa pamutu kukathirira, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Anawafunsa a Maliseni kuti mitengoyo idzapereka liti mthunzi.

"Zaka makumi awiri, alamu, ngati mbuzi siziidya. Ikadzakula, aliyense adzabwerera pamthunzi wake. Nyumba idzakhala yanu."

"Aliyense?"

"Aliyense amene ali ndi mthunzi kumanda kuno."

Nachisale anatola ndowa yake napita. Mawa lake anabwera ndi khasu, anazula mbande ya pa chitsa cha mkuyu naiwokera kutsidya kwa mtumbira wa apongozi ake, kumene mthunzi wake sudzafika pa mtumbira watsopano uja. A Maliseni anaona, koma sanamuletse.

Mitengo ija tsopano yafika m'chiuno. Mukadzapita kumanda amenewo mudzaona mitumbira yonse ili ndi kamtengo pafupi, kupatula umodzi wokha umene uli padzuwa, wolambulidwa bwino, wopanda ndi udzu womwe. Chilichonse chimene chamera pamenepo, Nachisale amachizula ndi manja ake. Ine ndinamufunsapo kuti, "Anzanga, bwanji mukuwamana mthunzi amuna anu?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Iwo ali ndi nyumba," anatero. "Enawo akadzapita, ndidzalowa ndikawapeze."